Chala Chimene Keziya Sanadinde

Chilonda chinayamba pamwamba pa khutu lakumanzere la Keziya, kanthu kakang'ono ngati njere ya mapira, kokhala ndi nkhanambo imene inkachoka n'kubwereranso. Keziya anali mwalubino, ndipo dzuwa la ku Zingalume linali litamuwaula chiyambire ubwana wake: m'munda wa thonje, kudambo, ndi pamisonkhano ya chipani pomwe anthu ankakhala pamtetete kuyambira m'mawa kudikira bwana wofika madzulo. Zilonda sizinali zachilendo kwa iye, koma ichi chinakana kupola.

Mwamuna wake, Ezara, anali mkamwini m'mudzimo. Kwawo kunali ku Mlolo, komwe anzake anamuseka mpaka kugwa pansi atamva mkazi amene anasankha. Iye sanabwerere m'mbuyo, ndipo zoti ankamukonda Keziya palibe angatsutse. Vuto lake linali limodzi: anali munthu waulemu mpaka kutopetsa nawo. Zaka khumi ndi ziwiri ali pachikamwini, sanaphepo ngakhale nkhuku ya pakhomo pake osayamba wafunsa apongozi ake.

Mu Epulo wa 1984 kunamveka kuti kuchipatala cha mishoni kwafika dokotala wa khungu wochokera ku Lusaka, amene ankabwera kawiri pachaka kudzafufuza za matenda a alubino. Ezara anakweza mkazi wake panjinga, atamufunditsa chitenje kumutu, n'kupalasa tsiku lathunthu. Dokotalayo anayeza chilondacho ndi karula, nachijambula ndi kamera, n'kulemba nambala pakhadi. Kenako anafotokoza kudzera mwa namwino womasulira kuti iyi inali khansa ya pakhungu, koma anali ataipeza idakali yaing'ono. Anati adzadula chilondacho pamodzi ndi mnofu wozungulira, n'kutenga kachikopa ka pantchafu kudzamata pamalopo. Opaleshoni ikanachitika Lachisanu lomwelo. Chotsala chinali kusaina pepala basi.

Ezara anatenga cholembera, anachiyang'ana, n'kuchibwezera patebulo. Kwathu kuno mkamwini amabwera ndi khasu lake, koma moyo wa mkazi uli m'manja mwa eni mbumba. Mwini mbumba wa Keziya anali atsibweni ake, a Manase, amene ankagwira ntchito kumigodi ku Luanshya. Nanga mkaziyu akagonekedwa tulo ta mankhwala n'kusadzukanso, adzayankha ndani? Ezara anali ataonapo ndi maso ake mkamwini wina ku Mlolo akupirikitsidwa maliro asanaikidwe n'komwe, ana ake akulira pakhonde, anthu akunena kuti anapereka mwana wa eni ake kumpeni. Iyenso anali ndi mwana, mtsikana wotchedwa Lonia, ndipo mantha anamugwira.

Dokotala atamva kuti Ezara akufuna kudikira mawu a atsibweniwo anapukusa mutu. Anati mwini thupi ali pomwepa, angathe kudinda yekha chala, ndipo zikwanira. Namwino anatsegula kabokosi ka inki. Keziya anapukuta chala chake chachikulu pachitenje, anachitukula pang'ono, kenako anatembenukira kwa mwamuna wake. Maso ake, amene ankanjenjemera nthawi zonse pakawala, anafufuza nkhope ya Ezara.

"Bambo ake a Lonia, ndidinde?"

"Tiyambe tamva kwa atsibweni. Kalata sichedwa."

Keziya anabweza dzanja lake. Dokotala anachenjeza kuti matendawa sadikira munthu, ndi kuti iye sabweranso mpaka Okutobala. Anamupatsa Keziya chipewa chachikulu cha nsalu, ndipo awiriwo anabwerera kumudzi ndi chilonda chawo.

Kalata inalembedwa tsiku lotsatira, m'zilembo zabwino zimene Ezara anaphunzira kusukulu ya mpingo. Apongozi ake aakazi anamuyamikira pamaso pa anthu kuti uyu ndiye mkamwini woleredwa, osati enawa amene amangochita za m'mutu mwawo. Ndipo apa ndiye pomvetsa chisoni, chifukwa Ezara anakondwera nawo mawuwo. Anayenda nawo mlungu wonse mapewa ali m'mwamba.

Makalata a mudziwo ankafikira kusukulu ya pulaimale. Lachisanu lililonse Ezara ankapita kukaima pakhomo la ofesi chipewa chili m'manja, ndipo aphunzitsi aakulu ankamuyankha osadzutsa n'komwe mutu kuti palibe chake. Iye ankathokoza n'kubwerera. Kupempha kuti atsegule kabati afufuze bwino anakuona ngati kunyoza munthu wophunzira.

Thonje linatoledwa, chimanga chinalowa m'nkhokwe, chilonda chikungokula. Pofika Julayi chinali chitadya theka la khutu, m'mbali mwake mutatukuka ndi kuuma gwa. Chinayamba kununkha. Keziya ankachitsuka ndi madzi a mchere, mcherewo utapezeka, popeza masiku amenewo m'masitolo munali mbee, mopanda katundu. Analeka kupita kutchalitchi, chifukwa amayi a chigwirizano ankasuntha pabenchi mwaulemu, kumusiyira malo aakulu amene sanawapemphe. Mu Ogasiti pakhosi pake panatuluka mwanabere wolimba, wosapweteka. Ezara analembanso kalata yachiwiri. Zokwera basi kupita yekha ku Luanshya anaziganizira, koma anaopa kuti a Manase angati akuwakakamiza.

Keziya sanamudzudzulepo. Ankangomufunsa Lachisanu lililonse ngati kwabwera kanthu, ndipo pamapeto pake analeka ngakhale kufunsako. 

Mu Okutobala anapita naye pangolo, chifukwa panjinga sakanathanso kukhazikika. Dokotala uja anatulutsa khadi, n'kuyika chithunzi cha mu Epulo patebulo. Ezara anachiona ndipo mtima wake unasweka: khutu la mkazi wake lili lathunthu, kachilonda kali kadontho chabe pafupi ndi karula. Dokotala anakhudzakhudza pakhosi ndi kuseri kwa khutu kwa nthawi yaitali. Kenako namwino anamasulira motsitsa mawu kuti matenda alowa m'khosi ndi m'fupa, mpeni sungawapezenso. Chimene akanatha n'kumupatsa mapiritsi ochepetsa ululu ndi nsalu zomangira.

Dokotala anapempha kujambulanso chithunzi china, kuti zithunzi ziwirizo zikaphunzitse anzake kufunika kodula msanga. Keziya anavomera yekha, osayang'ana aliyense. Ezara anaimirira, nati amupatse pepala lija asaine tsopano lino, atsibweni adzanene zimene adzanene. Namwino anamuyankha mwachifundo kuti panalibenso pepala loti asaine.

Mvula yoyamba itagwa, kusukulu kunabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, ndipo posesa m'kabati anapeza mtolo wa makalata utagwera kuseri kwa mabuku akale. Ina inali ya Ezara. Chidindo cha positi chinali cha mwezi wa Meyi.

Ezara atapatsidwa kalatayo, anafika nayo kunyumba dzuwa lili paliwombo. Keziya anali atagona pamphasa kuseri kwa nyumba, komwe kunali mthunzi, mutu utakulungidwa nsalu, thupi litatha. Anaona envulopu ija n'kumuuza kuti awerenge mokweza, chifukwa khutu linamutsalira limodzi. Ezara anawerenga. A Manase analemba mwachidule, monga munthu wotopa ndi ntchito. Anati mkamwini asataye nthawi ndi makalata pa nkhani ya matenda, iwo kumigodi aona anthu ambiri akuchira ndi opaleshoni. Anati apite mawa lomwe, ndipo ngati pepala likuvuta, Keziya ndi wamkulu, adinde yekha.

Ezara anakhala pansi pafumbi, kalata ili m'manja, misozi ikugwera pamalaya. Anayamba kudandaula za aphunzitsi aja, za kabati, za positi. Keziya anamulola kulankhula mpaka mawu anamuthera. Kenako anatulutsa dzanja m'chitenje, dzanja lowonda lokhala ndi mawanga a dzuwa, n'kumuonetsa chala chachikulu chija.

"Musawanamizire aphunzitsi, bambo ake a Lonia," anatero mopanda ukali. "Chalachi ndinali nacho tsiku lija, ndipo inki anali atatsegula. Ndinafunsa inu chifukwa ndimati mundiuza kuti ndidinde."

Ezara anagwira chalacho ndi manja ake onse awiri. Keziya anachibweza pang'onopang'ono, n'kupempha kuti amusunthire mphasa, chifukwa dzuwa linali litayamba kufika pamapazi ake.