Nyimbo Yotsekera Katani

"Si iyeyo," anatero Clive.

Mayi wa ku kampani yokonza maliro anaimitsa nyimbo pa kompyuta yake n'kuyang'ana Kerry, mwana wamkazi wa Clive, ngati kuti ndiye amasulire. Pa tebulo la m'khichini panali makapu a tiyi wozizira ndi makadi opepesa amene panalibe wowatsegula. Hazel, mkazi wa Clive, anali atamwalira Lachiwiri m'chipatala cha ku Grimsby komweko.

"Bambo, nyimbotu ndi yomweyo," anatero Kerry.

"Nyimbo ndi yomweyo. Woimba ng'oma si mayi ako."

Mayi wa maliro uja anafotokoza ndi mawu ofewa a pa ntchito yake. Kumalo otenthera mitembo anasiya kalekale kuika zimbale. Nyimbo zonse zili m'makina, achibale amangosankha imene ilire pamene katani ikutseka bokosi. Iye anali atafufuza dzina la The Braiders, bandi imene Hazel ankaimbamo ng'oma, koma osalipeza. Imene inalipo ndi iyi, ya Glass Tenants, anyamata a ku London amene anadzaibwereza nyimboyo patapita zaka zambiri, dziko lonse n'kuivina.

Royce, mlongo wake wa Hazel, anali atatsamira firiji, atavala jekete yachikopa imene inasiya kumangika pamimba. Iyeyu ndiye ankaimba pakamwa mu The Braiders.

"Alamu, musavute," anatero. "Nyimboyi ndi yathu ndithu, ndipo mmene anaiimbira anawa aliyense akuidziwa. Mukufuna anthu azikanong'onezana m'holomo kuti kodi ichi n'chiyani?"

Clive sanaimbepo chida chilichonse. Ntchito yake inali kuyendetsa galimoto ya bandi, kunyamula zokuzira mawu, kenako kuima pambali pa nsanja n'kumamvetsera. The Braiders anatulutsa zimbale ziwiri za chamba cha rock, zosagulidwa zonse, kampani ya zimbale n'kuwataya. Pambuyo pake oimba otchuka anayamba kuuza atolankhani kuti anaphunzira kwa The Braiders, ndipo atolankhaniwo ankalemba za mawu a Royce. Clive ankadziwa chimene anthuwo ankamva osachizindikira. Hazel ankamenya ng'oma mochedwa pang'ono, ngati munthu wokoka bokosi la nsomba pa doko, ndipo nyimbo yonse inkalemera chifukwa cha iye. Anyamata a ku London anaika makina m'malo mwake, makina osachedwa, osatopa, osamva chisanu.

"Ngati muli nayo yanu yojambulidwa bwino, titumizireni, akaiika," anatero mayi wa maliro akutseka kompyuta. "Koma izimveka bwino. Kumeneko amakana zophokosera."

Masana Clive anatsitsa chimbale chake ndi galamafoni m'chipinda cha pamwamba. Anapukuta chimbalecho ndi mkono wa juzi, n'kutsitsa singano. Kerry anayandikiza foni kuti ajambule. Ng'oma za Hazel zinamveka ndithu, koma patali, kuseri kwa phokoso longa la nsomba yokazinga m'mafuta. Isanafike pakati, singano inadumpha n'kumabwereza pamodzimodzi.

"Mwachipha nokha chimbalechi, alamu," Royce anaseka. "Kuchiliza tsiku ndi tsiku ngati pemphero."

"Matepi enieni ali kuti?" anafunsa Clive.

"Mwayambatu."

"Anawola m'galaja mwako. Chaka chija madzi analowa m'nyumba. Unapulumutsa njinga yamoto."

"Ndani ankadziwa kuti adzafunika? Ndani ankatifuna nthawi imeneyo? Inuyo mumatifuna, ndi galu wanu." Royce anakhala pansi, mawu n'kutsika. "Tamverani. Woimba wa Glass Tenants akubwera ku maliro. Wandiimbira yekha foni. Akubwera ndi mtolankhani. Moyo wathu wonse takhala tikudikira kuti wina atione."

"Hazel sankadikira. Ankatumbula nsomba ku fakitale."

"Ndiye mukufuna akumbukidwe choncho? Ndi fungo la nsomba?"

"Amalume, basi," anatero Kerry. Anazimitsa galamafoni, singano n'kukwekwesa. Maso ake anali otupa. "Bambo, ine ndatopa. Ndakonza maluwa, ndakonza zakudya zokadyera ku kalabu maliro akatha, ndaimbira anthu onse. Ichi sachilandira, mwamva nokha. Ndikungofuna amayi apite bwino, ndi nyimbo, ngati anthu ena onse. Mundilole."

Clive anabwezera chimbale m'chikutiro chake. Kerry anatenga kukhala chete kwa bambo ake ngati kuvomera, monga ankachitira Hazel nthawi zina, ndipo anatumiza uthenga ku kampani kuti aike ya Glass Tenants.

M'mawa mwake Clive anavala chikhoti chake n'kuyenda wapansi mpaka ku ofesi ya kampaniyo. Mphepo yochokera ku mtsinje inkaboola zovala. Mayi uja anamupatsa mpando, koma iye sanakhale.

"Mwamuna wake ndine," anatero. "Mawu omaliza ndi anga?"

"Ndi anu, bambo Odling."

"Pasakhale nyimbo."

"Ngakhale ina? Tili nazo zabwino, za piyano, za kwaya..."

"Ayi."

"Mwana wanu akudziwa?"

"Adziwa."

Sanauze aliyense. Anadutsa pa golosale, nagula buledi ndi mkaka, n'kubwerera kunyumba.

Tsiku la maliro holo inadzaza kuposa mmene Clive ankaganizira. Kumbuyo kunakhala amayi a ku fakitale, atavala zikhoti zawo za ku tchalitchi. Kutsogolo, pafupi ndi Royce, kunakhala munthu wa ku London uja, wowonda, wa magalasi akuda ngakhale kunalibe dzuwa, ndi mtolankhani wake. Royce analankhula nthawi yaitali. Ananena za mausiku a ku Leeds ndi ku Glasgow, za mabandi akuluakulu amene anakula ndi zimbale zawo. Dzina la Hazel analitchula poyamba ndi pomaliza. Atatha analoza mlendo uja, nati, "Ndipo tsopano mumva mmene nyimbo yathu inafikira kutali."

Wotsogolera mwambo anadina batani. Katani inayamba kuyenda.

Nyimbo sinalire. Kunkangomveka kulira kwa kamakina kokoka katani, ndi munthu wina akutsokomola kumbuyo. Anthu anayang'ana zokuzira mawu za pakhoma. Kerry anatembenukira wotsogolera mwambo, kenako bambo ake, ndipo nkhope yake inasintha.

Royce anadzuka msanga. "Makina afa," anatero mokweza. "Palibe kanthu. Ndiimba ndekha."

Anaima molunjika, mwendo wina kutsogolo ngati kale, nakoka mpweya, natsegula pakamwa. Kenako anadikira. Moyo wake wonse sanayambepo nyimbo imeneyi payekha. Nthawi zonse Hazel ankayamba wagundanitsa timitengo take kumbuyo kwake, ndipo iye ankalowa pomwepo osaganiza. Mutu wake unapendekera pang'ono kumbuyo, kumvetsera. Anakokanso mpweya. Katani inkangoyenda, inabisa maluwa, inabisa zogwirira za bokosi, mbali ziwiri n'kukumana pakati. Royce anali adakaima, pakamwa pali yasa. Munthu wa ku London anaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zake.

Panja, pamene anthu amaonera nkhata za maluwa, Kerry anamupeza Clive ataima payekha.

"Mwachita dala."

"Inde."

"Amayi apita ngati munthu wopanda abale. Ngati wotoledwa pamsewu. Munapambana chiyani pamenepa, bambo? Ndiuzeni, mwina ine ndine wopusa."

"Sanapite ndi makina."

"Anapita opanda kanthu! Ine ndinali mwana wawo, inenso ndinali ndi mawu." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Ndikwera galimoto ya amalume. Inu mudziwa nokha mmene mufikire ku kalabu."

Royce anadutsa osamuyang'ana, mtolankhani akumutsatira ndi mafunso. Anthu a maliro otsatira anali atayamba kale kufika pa geti, ndipo wantchito wina ankasuntha maluwa a Hazel kuti apeze malo.

"Ndinu a Clive, eti?"

Anali mayi wamfupi, wonenepa, manja ofiira ndi otupa m'mfundo. Anati dzina lake ndi Noreen, ndipo ankaima pafupi ndi Hazel pa tebulo la ku fakitale kwa zaka zambiri.

"Ifetu tadabwa lero," anatero. "Zoti Hazel anali wa mu bandi tazimvera m'holomu. Tinkayang'anana kumbuyoko kuti kapena talowa maliro a wina."

"Sanakuuzeni?"

"Ndi pang'ono pomwe. Ife timadziwa za inu, za Kerry, ndi za bondo lake lija. Basi." Anapisa dzanja m'chikwama natulutsa kanthu kokulunga m'kansalu kopukutira mbale. "Ndabwera nacho ichi. Bisani, apolisi angandigwire ndi ukalamba wangawu. Unatsala m'kabati mwake pamene anadwala. Ndi wake, anagula yekha, akuti ya kampani inali yobuntha ngati akuluakulu ake."

Clive anafunyulula. Unali mpeni wotumbulira nsomba, wowonda chifukwa chonoledwa kwambiri.

"Mupepese chigwirirocho," anatero Noreen. "Mipeni yonse ankaiwononga choncho. Manja akauma ndi chisanu, ife tonse titangoti zii, iye ankayamba kugogoda pa tebulo lachitsulo lija, gu, gu, gu, ife n'kumapezeka tayambanso kudula. Kapitawo anakalipa mpaka anatopa. Timati ndi khalidwe chabe, ngati ena aja ogwedeza mwendo." Anamugwira pa mkono. "Basi yathu ikutisiya. Mulimbe mtima."

Anapita kukakumana ndi anzake. Clive anatembenuza mpeniwo. Kumapeto kwa chigwiriro kunali kophwanyika mbali imodzi, kosalala ngati mwala wa m'madzi. Anaika chala chake chachikulu pamenepo, ndipo sanachichotse mpaka magalimoto onse atatuluka pa geti.