Fayilo Yatsopano Inafufuta Chitseko

Achimwene, musayatse kaye kompyutayo, mumve maloto anga.

Ndinalota ndili mu ofesi yathu ino, ndikuyang'ana sikilini yakuda ija timalembapo malamulo. Ndinalamula pulogalamu kuti ipange fayilo yatsopano ya makonzedwe a kompyuta, ija imabwera yosakhudzidwa ndi dzanja la munthu. Inandifunsa kuti, "Yakale ilipo, ndiifufute?" Chala changa chinangovomera chokha, mwachizolowezi.

Pompo fungo la penti wamuwisi linanditsamwitsa. Kalendala inazimiririka pakhoma. Mpando wanga unabwerera m'pulasitiki wake wa kusitolo, ine ndili momwemo, thukuta lili kamukamu. Nditacheuka, chitseko panalibe, khoma lokhalokha. Paja chitseko chimenechi anabooletsa ndi malemu mayi Nachisale, amene ankagwira ntchitoyi ife tisanabwere.

Kenako ndinamva mawu awo kuseri kwa khomalo: "Mwananga, fayilo imeneyo ndinaikonza mzere umodziumodzi kwa zaka zambiri. Wasunga ina pambali?"

Ndinafuna kuyankha, koma m'kamwa munadzaza mapepala osalembedwa. Ndinalembanso lamulo lija kuti mwina chitseko chibwerera, chipinda chinachepa. Ndinabwerezanso, chinachepanso, mpaka mawondo anagunda chibwano. Kamzere koyera ka pasikilini kankangophethira, osatopa.

Kaya ndi malemuwo akundichenjeza, kaya ndi mantha anga chabe, sindikudziwa. Koma lamulo lomwelo ndi limene abwana atiuza kuti tilembe lero, ndipo fayilo ya mayi Nachisale sitinaikoperepo pena paliponse. Chotsani dzanja pa kiyibodi, achimwene. Bweretsani kaye fulashi, tikoperemo fayiloyo.