Chikho cha Wapaulendo

Felesiya ankatsuka chikho cha Sabata pamene amuna ake, a Efulemu, analowa m'sunagoge foni ili m'manja, nkhope ngati ya munthu wodzanena maliro. Sunagogeyo kanali kanyumba ka zidina kuseri kwa msika wa Mitundu. Mabanja asanu ankapempheramo mwa Chiyuda chibwerereni a Efulemu ku Isiraeli, komwe anakagwira ntchito m'minda ya mapeyala zaka ziwiri. Linali Lachisanu, dzuwa litapendeka kale.

"Mayi a Pempho, chikhocho bwererani nacho kunyumba. Kuyambira lero kidushi muno ayi," anatero a Efulemu.

Kidushi ndi dalitso lonenedwa pa chikho cha madzi a mphesa polandira Sabata, ndipo a Efulemu ankalinena pamaso pa onse mapemphero akatha.

"Mwatolanso chiyani pafonipo?" anafunsa Felesiya.

"Ndafunsa mphunzitsi wanga wa uko. Akuti dalitsoli limayenda ndi chakudya, umalinena pomwe udyere. Kale ankalinena m'sunagoge chifukwa cha apaulendo omwe ankadya momwemo. Ena amangopitiriza mwachizolowezi, koma ife muno sitidya. Aliyense azikanena kwawo. Ine kutchula dzina la Mulungu pachabe sindifuna."

A Efulemu anali munthu wabwino ndithu, kungoti akagwira lamulo ankaligwira ngati mbuzi yofuna kuthawa.

Pakhomo panali pataima a Isake, tenanti wa pa esiteti ya fodya ya kunjira ya ku Nathenje. Kwawo kunali ku Phalombe, komwe anasiya mkazi ndi ana. Anali atamva zonse.

"Palibe kanthu, achimwene," anatero a Isake, akupinda chipewa m'manja. "Lamulo ndi lamulo. Kungoti kwanga kulibe chikho, ndiponso mawu a Chihebri aja amandikola lilime. Ndizingokumbukira mumtima."

Felesiya zinamupweteka. Ankadziwa kuti munthuyu sabata yonse amasoka fodya m'chigafa akudikira kachikho kameneka.

"Bambo a Pempho, mwati dalitsoli linali la ndani?"

"La apaulendo."

"Nanga a Isakewa ndi eni mudzi? Chaka chachitatu chino ali paulendo. Inuyo ku Isiraeli kuja chikho ankakupatsani ndani? Walira mvula walira matope, bambo. Mukafuna lamulo, litengeni ndi mbale zake zomwe. Tidyere muno."

A Efulemu anakanda kumutu. Anasuzumira kunja, dzuwa linali litatsala pang'ono kukhudza mapiri a Dzalanyama.

"Koma likalowa lija Sabata layamba, sitinyamula kanthu pamsewu."

"Ndiye mwaimiranji? Njinga ili apo. Mpunga ndi nkhuku ndaphika kale, buledi ali m'dengu. Musakaiwale mchere."

A Efulemu, mkulu wa sunagoge, anapalasa ngati wakabaza, malaya oyera akuuluka kumbuyo, amayi ogulitsa tomato n'kumaseka. Anabwerera ali wefuwefu, dengu kumbuyo, poto atamangirira ndi chitenje cha akazi awo. Analowetsa zonse dzuwa likadaoneka.

Mapemphero atatha, a Efulemu anafotokozera anthu za lamulolo, ndipo mabanja enawo anapita kukadalitsa m'makwawo. Felesiya anayala mphasa pakati pa mabenchi. A Efulemu anaimirira, nanena dalitso lonse mosathamanga, anamwako, kenaka anapereka chikho kwa a Isake.

"Dalitsoli ndi lanu, achimwene. Ife tangodyera nawo."

A Isake anamwa atagwira chikhocho ndi manja awiri.

"Chichokereni kwathu, Sabata ndinali ndisanadyepo ndi munthu," anatero.

Felesiya anangowakankhira ntchafu ya nkhuku, ija ankasungira amuna ake nthawi zonse, ndipo a Efulemu anangoiona ikudutsa.

Lachisanu lotsatira a Isake anafika msanga, atatenga mbale yawo ndi mbatata zinayi zowotcha.