Chidutswa Chotsiriza cha Keke ya Mandimu

A Arlen Sundquist anakhalitsa pampando wa chipani m'chigawo cha Minnesota ku America, moti ena ankaganiza kuti mpandowo anabadwa nawo. Eni akewo ankaganizanso choncho. Ndale anayamba ali mnyamata, kuzika zikwangwani za anzawo m'makomo mwa anthu, ndipo ankanyadira kuti m'chigawo chonse munalibe galu amene sanawauwepo.

Chaka china kunatulukira wofuna mpandowo: Brice Kessler, loya wachinyamata wa mano oyera mbee, mlendo wochokera kutali ku New Jersey. Mavoti a m'tauni anali atakokolola kale. Chiyembekezo cha a Sundquist chinatsalira kwa nthumwi za alimi a kumpoto, zimene zinkatsata mayi Verna Haugland ngati anapiye. Mayiwo akati uyu, ndi yemweyo basi.

Tsono mayi Haugland anaitana onse awiri kuchipinda chapansi cha tchalitchi chawo kuti anthu awamve.

"Bambo, lero za mlatho zija musatchule," anatero akazi awo, a Doreen, ali m'galimoto.

"Mlathowo ndinaumenyera nkhondo ine."

"Eya, koma anthu anawoloka, anaiwala. Ndipo mimbayo ibwezeni, batani likulira."

Kessler anayamba ndiye, ndi zithunzi zowala pakhoma. A Sundquist anamvetsera, ndipo chinawapweteka n'chakuti mwanayo ankalankhula zanzeru. Iwo ataimirira anafotokoza za mlatho. Mlimi wina kumbuyo anagona mpaka chipewa chinagwa.

Kenako inakwana nthawi ya khofi. Keke ya mandimu ya mayi Haugland inatha ngati yakuba, m'mbale n'kutsala chidutswa chimodzi. Pamenepo manja onse anabwerera m'matumba. Kwathu kuno ku Minnesota chidutswa chotsiriza sichitengedwa. Umadula pakati n'kusiyira mnzako, iye adulanso pakati, mpaka patsale kanyenyeswa koti nyerere ichite nako manyazi. Kameneko kamabwerera kunyumba ndi mwini mbale.

A Sundquist anali ndi njala, ndipo anatola mpeni monga anachitira m'matchalitchi osawerengeka. Akuti adule, anaona Kessler akubwera, kambale kake kali mbuu. Mpeni uja anauika pansi mwakachetechete, n'kuuphimba ndi kansalu.

"Achimwene, mwalawako keke ya mayi Haugland?"

"Ayi, akuluakulu, anandipanikiza ndi mafunso."

"Pepani. Enafe sanatifunse kanthu." Anakankha mbaleyo ndi chala chimodzi, pang'ono chabe.

Kessler anali mwana woleredwa bwino. Anayang'ana uku ndi uku. "Palibe akuchifuna?"

"Iii, ife takhuta," anayankha anthu.

"Ine adokotala anandiletsa."

"Tengani, bambo, tengani."

Mawu amenewa amanenedwa nthawi zonse, ndipo chiyambire panalibe amene anawakhulupirirapo. Kessler anawakhulupirira. Ananyamula chidutswa chonse, kuluma kawiri, chatha. Ananyambita chala n'kuyamikira kuti keke yotere sanaidyepo.

M'chipinda munati zii. Mlimi wogona uja anadzuka chifukwa cha bata. Mayi Haugland anatenga mbale yawo, n'kuiyang'ana ngati munthu woona nkhope kumaliro.

"Chabwino," anatero. "Zachilendo ndithu."

A Doreen anatseka maso. M'moyo wawo anamvapo mayi Haugland akunena mawu amenewo kamodzi kokha, kwa m'busa wina, ndipo m'busayo pano amagulitsa matayala.

Pamsonkhano waukulu wa chipani, nthumwi za kumpoto zinavotera a Sundquist ngati munthu mmodzi. A Sundquist anakwera pansanja, batani likadalirabe, nauza khamulo kuti anthu a Minnesota saiwala amene anawamangira mlatho. Anthu anawomba m'manja, ena akufunsana kuti mlatho wake uti.

"Mwaonatu, mayi?" anatero pobwerera. "Mlatho."

"Eya, mlatho," anayankha a Doreen. Anapisa m'chikwama n'kutulutsa kaphukusi. "Mayi Haugland akuti tsiku lija simunalawe."

Munali chidutswa chimodzi cha keke ya mandimu. A Sundquist anaimika galimoto pambali pa msewu, natulutsa kampeni ka m'thumba, nadula pakati bwinobwino. Anadya theka. Kenako anayang'ana kutsogolo, kumbuyo, ndi m'munda wa chimanga.

"Muno mulibe nthumwi, bwana wapampando," anatero a Doreen.

A Sundquist anatambasula dzanja, koma theka linalo linali kale m'kamwa mwa akazi awo.