Msana wa Bambo Kamzati

Bambo Esau Kamzati a ku Chinsapo anali mmisiri womanga nyumba. Tsiku lina ananyamula thumba la simenti mothamanga, kulithawitsa mvula, ndipo msana unangoti thu! Kuyambira pamenepo ululu unkatsika kuchokera m'chiuno, kudzera m'ntchafu yakumanzere mpaka kuchala chachikulu chakuphazi, ngati wina akukoka waya wamoto.

Zaka ziwiri anayenda chowerama, ndodo ili m'manja. Mapilitsi anamwa, mphini anatemera, koma ayi ndithu. Kenako phazi linayamba kuchita dzanzi, patapata n'kumavuka panjira iwo osadziwa.

Kuchipatala atawajambula, dokotala wachizimayi anawaonetsa chithunzi.

"Pakati pa mafupa a msana pali timinofu tofewa ngati mphira," anatero dokotalayo. "Aka kaphulika, ndiye kakufinya mtsempha wopita kumwendo. Tikachotsa kachidutswa kotulukaka, mtsemphawo upuma."

"Adokotala, anthu amati mpeni ukakhudza msana munthu sadzukanso."

"Chiopsezo chilipo, sindingakunamizeni. Koma tikazengereza, phazili lifooka mpaka kalekale."

Achibale atamva anakana kwamtuwagalu. Achimwene awo anachita kuchokera ku Ntcheu kudzawaletsa. Koma alendo atapita, mkazi wawo Lettie anakhala pansi pafupi ndi mkeka womwe anagonapo.

"Bambo a Tina, achimwene anu sanakuoneni mukukwawa popita kuchimbudzi. Ine ndimakuonani. Manthawa atithandiza chiyani?"

Bambo Kamzati anati, "Ndipezereni cholembera. Ndikasaina chilolezo cha opaleshoni."

Opaleshoni inachitika Lachiwiri m'mawa. Atatsitsimuka, anaopa kuyang'ana kumiyendo. Anatsinzina, nayesa kugwedeza zala zakuphazi pansi pa nsalu. Zinagwedera! Pabala pankapweteka, inde, koma moto wa m'mwendo uja unali utazima.

M'mawa mwake namwino anati, "Tiyeni bambo, tiimirire."

"Lero lomwe?"

"Pompano."

Anatsitsa miyendo mosamala, thukuta lili kamukamu. Anaima. Anaponya phazi limodzi, kenako linzake, mpaka anakafika pakhomo la wodi. Mayi Lettie analephera kudzigwira, nthungululu inangowapulumuka, odwala ena n'kuyamba kuomba m'manja ali pamabedi awo.

Panatsatira miyezi yolimbitsa thupi, yotopetsa ndithu. Dokotala anawaletsa kunyamula zolemera, choncho atabwerera kuntchito ankayang'anira amisiri anzawo, chingwe choyezera chili m'manja.

Loweruka lina, pochokera m'tauni, anatsika minibasi kutali dala, pamsika, kuti ayende wapansi. Amayi ena ogulitsa tomato, omwe anasamukira m'deralo iwo akudwala kale, anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Bambo Kamzati! Kodi ndinu aatali chonchi?"

Bambo Kamzati anaseka mpaka misozi. "Ndiyezeni bwinobwino, mayi, ndisanakudutseni!"

Anawadutsadi, fumbi lili koboo kumbuyo kwawo.