Mapiritsi a Lillian ndi Mimba ya Apongozi

A Japhet Chulu anabwerako kumunda wa thonje dzuwa lisanafike pamutu, atagwira pamimba. Anaponya thumba pakhonde n'kukhala pansi pa mtengo wa mango, uku akubuula. Akazi awo, a Tabeth, anawapatsa madzi ofunda, koma ululu sunasinthe.

Mpongozi wawo Lillian, amake Brenda, ankachapa chapafupi. Mwamuna wake Luckson anali kuntchito yake yophika ku kampu ya alendo m'kati mwa paki ya nyama zakutchire, ndipo sankabwera kawirikawiri. Lillian atamva kubuulako anagwidwa chisoni, poti ululu wa m'mimba ankaudziwa bwino.

Iyenso mimba inamuzunza kwa zaka zingapo. Inkapotokola ngati munthu akufinya chitenje chonyowa, kenako n'kudzaza mpweya. Sabata ino kutsekula, sabata yamawa kudzimbidwa. Kangapo konse ankasiya tomato wake pamsika wa Mfuwe n'kuthamangira kuchimbudzi. Atapita ku kiliniki anamuyeza magazi ndi chimbudzi, koma sanapeze njoka za m'mimba kapena matenda ena. Anamuuza kuti ali ndi vuto limene achipatala amalitchula kuti IBS. Matumbo ake analibe bala, koma minofu yake inkakungika mopitirira muyezo. Anamupatsa timapiritsi ta hayosini tomasula minofuyo, ndipo akamwa, kupotokola kunkaleka.

Lillian analowa m'nyumba, natenga paketi ija, n'kukagwada pafupi ndi a Tabeth.

"Amayi, apatseni atate awa. Ine amandithandiza kwambiri."

"Mwachita bwino, amake Brenda," anatero a Tabeth. "Mankhwala a kuchipatala sanama."

A Japhet anamwa masana omwewo, madzulo anamwanso, ndipo kutacha anawonjezera ena poona kuti ululu sukutha.

M'mawa umenewo Lillian akusesa anaona zachilendo. Apongozi ake ankapita kuchimbudzi, kubwerako, kukhala pang'ono, n'kubwereranso. Thukuta linali kamukamu, milomo itauma gwa. Atawapatsa moni, iwo anangoyang'ana kumbali. Nkhani ya kuchimbudzi siuzidwa mpongozi.

A Tabeth ndi amene anamukokera kuseri kwa nkhokwe.

"Kuyambira dzulo madzulo atate anu sanatayeko madzi ngakhale dontho. Chinena chatupa, chalimba ngati dzungu. Kodi munawapatsa chiyani?"

Lillian anati, "Ndi omwe aja ndimamwa ine, amayi."

"Nanga bwanji inu sakukupwetekani?"

Asanayankhe, anamva kufuula. A Japhet anali atagwada pabwalo, chipumi chitagunda pansi. Lillian anathamangira kwa a Mateyo, anansi awo amene ali ndi njinga yamoto. A Mateyo anasiya tiyi pampando osafunsa zambiri. Anakweza mkuluyo pakati, a Tabeth n'kukhala kumbuyo atawagwira.

Asananyamuke, a Tabeth anawerama n'kunong'oneza Lillian. "Za mapiritsi zija musatchule. Achipatala akatikalipira. Ndipo abale a Chulu akamva, adzati munawadyetsa dala."

Njinga yamoto inapita, fumbi lili kobo. Lillian anatsala ataimirira pabwalo. Ankadziwa mmene mawu oterowo amayendera m'mudzi. Mkazi wobwera akangonenedwa kuti wadyetsa apongozi, banja latha, dzina laipa. Anaganiza zoponya paketi ija m'chimbudzi. Anafika nayo mpaka pakhomo, koma dzanja linakana. Nanga adokotala akapanda kudziwa chimene atate amwa, adzawathandiza bwanji? Anaimanga pansonga ya chitenje, nasiya Brenda kwa akazi a Mateyo, n'kukwera njinga yakapalasa.

Atayandikira pamtsinje wouma anapeza anthu ataima. Njovu zinali kudutsa msewu, zina zili ndi ana, ndipo zinalibe changu. Imodzi inaima pakati penipeni n'kumathyola nthambi. Palibe analimba mtima kusuntha. Mimba ya Lillian inayamba kupotokola monga imachitira akada nkhawa. Anatsamira njinga, akupemphera chamumtima kuti akawapeze amoyo. Njovu yomaliza itangolowa m'tchire, anapalasa ngati wothamangitsidwa.

Ku kiliniki anapeza a Japhet atagonekedwa pabedi, akudzipotola. A Pamela Sakala, dokotala wa pamalopo, anali kuwagwira pachinena.

"Amayi, ndikufunsenso. Palibe mankhwala alionse amene amwa? A kuchipatala, a m'sitolo, kapena achikuda?"

"Palibe, adokotala," anatero a Tabeth, maso ali pansi.

Lillian anaima pakhomo. A Tabeth anamuyang'ana ndi diso lomuletsa. Pomwepo a Japhet anabuulanso, kubuula kwa munthu wotha mphamvu. Lillian anamasula chitenje.

"Adokotala, amwa awa. Ndi anga. Ndinawapatsa ndine."

A Pamela anawerenga paketi ija n'kugwedeza mutu. Sanakalipe.

"Zikomo, mwandifupikitsira njira. Atate, kodi kale lonse madzi mumataya bwinobwino?"

A Japhet anazengereza. Lillian anazindikira, natuluka panja kuti alankhule momasuka. Anakhala pabenchi akumvetsera chitseko. Nthawi inatalika. Kenako kubuula kunaleka, kunangoti zii, ndipo mantha ake anakula kuposa poyamba.

Chitseko chitatseguka, anatuluka a Tabeth akupukuta misozi. "Awaika kapaipi. Madzi atuluka, adzaza chigubu. Akupempha phala."

A Pamela anawaitana onse awiri m'kachipinda kena.

"Atatewa akhala akuvutika kukodza kwa nthawi yaitali, koma amabisa," anatero. "Amuna ambiri akamakula, kachiwalo kena ka pansi pa chikhodzodzo, kotchedwa prositeti, kamakula n'kumapanikiza njira ya mkodzo. Ululu wadzulo uja unkachokera kumeneko, osati m'matumbo. Tsono mapiritsi awa amamasula minofu ya matumbo, komanso amafooketsa chikhodzodzo. Kwa munthu wokodza movutikira kale, mkodzo umatsekekeratu. Mukanachedwa, impso zikanawonongeka."

Lillian anakankhira paketi ija patebulo. "Tengani mukataye. Sindidzamwanso."

"Ayi, amake Brenda. Mankhwalawa si oipa. Inu tinakuyezani, ndipo ndi oyenera vuto lanu. Muzimwa mimba ikayamba kupotokola, pamuyezo umene tinakuuzani, osawonjezera. M'kamwa mukauma pang'ono musadabwe. Koma mukaona kuti maso akuchita chidima kapena kuwawa, mtima ukuthamanga, kapena mkodzo ukuvuta, siyani mubwere kuno."

"Nanga amachiritsiratu?" anafunsa Lillian.

"Amaletsa ululu, koma sachotsa vutolo. N'chifukwa chake muziona zakudya zimene zimakuyambitsani. Ena ndi nyemba, ena kabichi, ena zamafuta kapena zakumwa za gasi. Muzidya pa nthawi yake, muzimwa madzi okwanira. Nkhawa nayonso imakunga matumbo."

A Tabeth anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye munthu angadziwe bwanji kuti mimba iyi ndi yoopsa?"

"Mukaona magazi m'chimbudzi, kutentha thupi, kusanza kosalekeza, kuwonda popanda chifukwa, kapena ululu waukulu wokhazikika malo amodzi, musamwe kanthu, thamangirani kuno. Chimodzimodzinso munthu wachikulire amene mimba yangomuyamba kumene. Amayi oyembekezera, ana, ndi odwala matenda a maso otchedwa gulokoma asamwe mapiritsi awa asanafunse achipatala. Ndipo amayi, tikakufunsani zimene wodwala wamwa, muzitiuza. Sitifunsa kuti tikuimbeni mlandu."

A Tabeth anagwira dzanja la mpongozi wawo.

Luckson atamva uthenga anapempha tchuthi, naperekeza atate ake pa minibasi kupita ku chipatala chachikulu ku Chipata. Kumeneko anawayeza n'kuwapatsa mankhwala a vuto lawolo. Pambuyo pake anawachotsa kapaipi kaja, ndipo anayamba kukodza okha.

Atabwerera kumudzi, abale anadzaza pabwalo kudzawaona. Mlongo wina wa a Japhet anayamba kulankhula mokuluwika, maso ali kwa Lillian. A Japhet anamudula.

"Mverani kuno. Amake Brenda anandipatsa mapiritsi chifukwa cha chisoni, ine n'kumwa mopitiriza chifukwa cha umbuli. Matenda anga ndinkabisa ndekha. Akanakhala chete kuchipatala kuja, bwenzi lero mukulira maliro. Amene ali ndi mawu pa mpongozi wanga abwere nawo kwa ine."

Mlongo uja anasendera pamphasa, napatsa Lillian malo.

Masiku ano Lillian amagulitsa pamsika tsiku lonse osathawa malonda. Anachepetsa nyemba ndi zokazinga, ndipo mapiritsi amamwa pokhapokha mimba ikapotokola. A Japhet anamaliza kukolola thonje lawo.

Mimba zimapweteka mofanana, koma matenda ake amasiyana. Mankhwala oletsa kupotokola kwa m'mimba amathandiza munthu amene wayezedwa n'kupatsidwa ndi achipatala. Musagawire wina mankhwala anu, musawonjezere muyezo, ndipo mukafika kuchipatala nenani zonse zimene wodwala wamwa.