Mwana Woyang'ana Kukhoma

"Ndaona ndi maso angawa, sindinachite kuuzidwa," anatero mayi Hulda ataima pakhomo la malo ochapira zovala pomwe mwana wawo Lorene ankagwira ntchito. "Mwana wamuimika kuyang'ana kukhoma. Mwamuna wakoyo ali kumbuyo kwake, mpeni uli m'manja."

Lorene anaika simbi pansi. Mayi akewo anafotokoza kuti anapita kunyumba kwake masana kukasiya maapozi, koma asanagogode anasuzumira pawindo la kukhitchini. Maapoziwo anabwerera nawo. Anati Loweruka adzafika ndi sutikesi kudzatenga mdzukulu wawo Nadine, akakhale nawo kufamu mpaka bambo ake ataonedwa ndi madokotala a asilikali.

"Amayi, Orval sanamukalipirepo mwanayu."

"Madzi akatayika saoleka, mwanawe. Udikire chiyani?"

Tsiku lonselo Lorene anasita malaya a eni ake mtima uli kwina. Pa nthawi ya nkhondo mwamuna wake Orval ankakhala kumchira kwa ndege yoponya mabomba, akuombera ndege za adani. Ndege yawoyo itaomberedwa ku Jeremani anatsika ndi parachuti, chiambulera chotsikira kuchokera mumlengalenga, n'kugwidwa m'munda wa mbatata. Anakhala kundende ya akaidi ankhondo miyezi khumi ndi inayi. Pobwerera kwawo ku Iowa, ku Amereka, anali ataonda, moti lamba wake anachita kumubowola mabowo atatu atsopano. Za kumeneko sankazikamba. Ntchito yake yakale kufakitale ya mbewu anamuuza kuti ayambe dzinja likatha, n'chifukwa chake masana ankatsala ndi mwana.

Madzulo posambitsa Nadine, Lorene anamuyang'ana msana, mikono ndi kuseri kwa makutu. Panalibe ndi kachipsera komwe. Atamufunsa zomwe amachita ndi adadi ake masana, mwana wa zaka zinayiyo anati amadya, n'kupitiriza kusewera ndi thovu la sopo.

Mantha anali nawo, inde. Koma chimene chinkamuvuta kwambiri chinali kufuna kudziwa. Munthu wolanga mwana amatengeranji mpeni? Nanga mwana wolangidwa amathamangiranji kukakhala pamiyendo pa womulangayo?

Lachinayi Lorene ananamizira kudwala mutu, abwana ake n'kumulola kuweruka nthawi ya chakudya chamasana. Atafika kunyumba analowera khomo lakuseri, nsapato zili m'manja.

Orval anali atakhala patebulo. Anaika pambali pa buledi kamtengo kokhala ndi tizizindikiro tosema, akuyeza pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Anadula magawo atatu. Nyenyeswa anazisonkhanitsa ndi chala, nazonso n'kuzigawa patatu. Nadine anatsika yekha pampando, osauzidwa, n'kukaima kukhoma mapewa akugwedezeka. Lorene anaganiza kuti mwanayo akulira. Ayi, ankaseka.

"Ili n'la ndani?" anafunsa Orval, ataloza gawo limodzi ndi nsonga ya mpeni.

"La amami!"

"Osasuzumira, iwe kambala. Nanga ili?"

"Langa!"

Potembenuka mwanayo anaona mayi ake, n'kuwathamangira. Orval anaimirira ndipo anakankhira kamtengo kaja pansi pa mbale.

"Ndakaona kale," anatero Lorene. "Khalani pansi. Safunsa anadya phula, ndiye ine lero ndikufunsa."

Orval anayamba movutikira, akuyang'ana patebulo. Anati kundendeko amuna asanu ndi awiri ankapatsidwa buledi mmodzi patsiku, wakuda, wosakaniza ndi utuchi. Masiku oyamba ankamenyana chifukwa cha gawo lakumapeto, ndipo iyeyo anagululapo dzino la mnzake yemwe ankaulukira naye ndege imodzi. Ndiye anapangana lamulo: wodula asamasankhe. Wina aziyang'ana kukhoma, aziti akafunsidwa n'kutchula dzina, osaona kukula kwa gawolo. Kuyambira pamenepo ndewu zinatha.

Lorene anafunsa ngati woyang'ana kukhomayo sankabera. Orval anamwetulira pang'ono. Anati panali mkulu wina wa ku Texas yemwe ankaonera pagalasi la wotchi yake, mpaka anamulanda wotchiyo.

"Koma kuno buledi alipo, Orval. Ali mbwee kusitolo ya a Pederson."

"Ndikudziwa. Mutuwu ukudziwa. Dzanjali ndi lomwe silinamvebe." Anatambasula dzanja lake lamanja patebulo. "Sabata yoyamba ija mutapita kuntchito, ndinadula magawo awiri. Pozindikira ndinali nditatenga lalikulu, ndikulibisa ndi chigongono. Kumubisira mwana wanga, mayi a Nadine."

Lorene anayang'ana mwana uja, yemwe anali atayamba kale kudya gawo lake, miyendo ikulendewera pampando. Kenako anafunsa kuti nanga la iyeyo, poti masana sakhalapo, limapita kuti. Orval anati la munthu amene palibe silidyedwa. Ankalikulunga m'kansalu, madzulo n'kuliika pambale pake.

Loweruka mayi Hulda anafikadi, sutikesi ili m'manja. Lorene anawachingamira pakhonde. Chibadwire anali asanawatsutsepo.

"Mwana sapita, amayi."

Mayiwo anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi. Anati nkhaniyi akaitula kwa abusa, ndipo chikadzachitika asadzabwere kwa iwo akulira. Lorene anati akaitule ndithu, koma ayambe alowa adye.

Analowa, chikhoti osavula, n'kukhala kumapeto kwa mpando sutikesi ili pamiyendo. Orval anawapatsa moni mwaulemu. Anatenga kamtengo kake, n'kukayang'ana kwakanthawi. Tizizindikiro take tinali ta magawo asanu ndi awiri ndi ta magawo atatu basi. Anatulutsa mpeni wam'thumba n'kuyamba kusema ta anthu anayi.

"Agogo," anatero Nadine akuwakoka chikhoti, "lero kukhoma mupita ndinu. Koma osasuzumira."